Tayala Lopachikidwa pa Mtengo

"Tayala lakumbuyoli silikafika pamlatho," anatero bambo anga tsiku limene tinkachoka kwathu.

Anali atanyonyomala pambali pa kagalimoto ka matola, chala chawo chachikulu chikudinikiza tayalalo ngati mmene mayi amayesera papaya pamsika. Bambo anayendetsapo thirakitala kuesiteti ya fodya zaka zambiri, koma nthawi imeneyo maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndipo anthu ankawamva ngati wailesi yolira m'nyumba mwa eni.

Dalaivala analimenya theche tayalalo. "Madala, ili ndi lankhondo ili. Musaope." Atatero anauza anthu kuti akweze matumba ena anayi a chimanga. Mwamuna wanga Lameki anaseka nawo, chifukwa chikamwini chinali chitamukwana ndipo mtima wake unali utatsogola kale kutauni. Ine sindinaseke, komanso sindinatsike. Ndinangolimbitsa mfundo ya mbereko.

Kumbuyo kwanga kunali Sungeni, mwana wathu wamkazi wa miyezi isanu. Anabadwa ndi chifuwa cholira ngati kamwana ka mphaka. Kusikelo anandiuza kuti mwana wotere sagwirizana ndi utsi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga yeniyeni inali imodzi: kumvetsera mpweya wake. Zonse zimene ndinaphunzira m'zaka zimene ndikufotokozazi ndinaziphunzira ndi khutu limodzi. Linalo linali pa mwana.

Tayala lija linayamba ndi kununkha. Kenako phuu! Galimoto inadzandira ngati chidakwa n'kukaima m'munda wa nandolo. Palibe anafa. Thumba limodzi linang'ambika, nkhuku za m'mudzimo n'kuchita phwando. Mlatho tinkauona patsogolo pathu, poti ukhoza kuponyapo mwala.

Pafupi ndi mlathowo panali mkuyu, ndipo panthambi yake anapachikapo tayala lakutha. Aliyense woyenda m'misewu yathu amadziwa tanthauzo lake: pano timamata matayala. Pansi pake panali beseni la madzi akuda, pampu, zitsulo ziwiri zotsegulira, ndi mkulu wina woonda, a Chikakuda, amene sanadzuke n'komwe titafika. Anangoyang'ana zidutswa za tayalalo.

"Ili silinaphulike lero," anatero. "Lakhala likuphulika sabata yonse. Lero langomaliza."

Lameki anawathandiza kukweza jeke. Mkuluyo ataona mmene manja ake ankagwirira chitsulo, anamufunsa ngati kutauniko kuli womudikira. Kunalibe. Galimoto inapita, ife tinatsala. Umu ndi mmene tinakhalira anthu a matayala. Palibe anasankha, tayala ndi limene linatitsitsa.

Tinkagona m'kachipinda kuseri kwa golosale. M'mawa uliwonse maminibasi ankaima pamzere kudikira anthu, injini zili chilirire, utsi ukukwawa pansi, pamsinkhu weniweni wa mwana. Ine ndinkathawira kuseri kwa mkuyu, nsonga ya chitenje ili pamphuno pa Sungeni. A Chikakuda anandiona masiku angapo, kenako anandiitana.

"Amake mwana, munapitako kusukulu inu?"

"Ndinalekeza Fomu 3, agogo."

"Ndiye bwerani mundiwerengere apa. Maso angawa anapuma pantchito."

Anatsegula chitseko cha dalaivala wa minibasi ina n'kundionetsa kapepala komatidwa pachitsulo, kodetsedwa ndi girizi. Ndinapukuta ndi chala. Panalembedwa manambala a mpweya woyenera matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Dalaivala mwini wakeyo anasuzumira ngati wapeza njoka m'nyumba mwake.

"Zaka folo ndikuyendetsa, kameneka sindinakaonepo!"

"Mukanakaona bwanji?" anatero a Chikakuda. "Inu geji yanu ndi nsapato."

Anandigwiritsa geji yawo, kachitsulo koyezera mpweya kokhala ngati cholembera, n'kundionetsa poiika. "Tayala muziliyesa m'mawa, lisanayende. Likatentha limanama, limadzitukumula ngati chule." Madalaivala ochokera njira yafumbi ankachotsako mpweya dala kuti galimoto isamadumphe m'mabampu, akafika pa tala n'kuiwala kubwezera. "Tayala lofewa lili ngati munthu woyenda mumchenga," anatero mkuluyo. "Amatopa msanga, amadya kwambiri. Injini imamwa mafuta ochuluka kuti ilikoke, ndipo chimene yamwacho chimatulukira kumbuyo. Utsi mukuuthawawo, wina umayambira pansi apa."

Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Mawa lake ndinasiyira mwana mayi wa pagolosale n'kuyamba kuyenda pamzere wa maminibasi ndi geji. Makondakitala ankandikuwiza: "Anesi afika! Odwala nonse pamzere!" Ndinkachita manyazi, koma ndinkayesabe, tayala ndi tayala, Lameki akubwera pambuyo ndi pampu. Ndinkawapemphanso, maso ali pansi, kuti azithimitsa injini podikira anthu. Ena ankamva. Sindinganene kuti utsi unatha. Koma ndimakumbukira m'mawa wina wozizira, Sungeni ataphunzira kuima, atagwira m'mphepete mwa beseni, akuseka thovu lotuluka pachubu chobooka. Ndinatchera khutu. Kuseka kwake kunali koyera, kopanda kaphokoso kalikonse.

Dzinja linadutsa kamodzi kapena kawiri. Kenako anamanga msewu watsopano ndi mlatho wake chakumtunda, magalimoto n'kusiya kudutsa. Udzu unamera pamene pankaima maminibasi. Tinawapempha a Chikakuda kuti tipitire limodzi.

"Ine ndakalamba," anatero. "Msewu ukandifuna, ukudziwa pamene unandisiya."

Tinawasiya atakhala pomwepo, tayala likuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pawo.

Tinakwera, tinatsika, tinakweranso. Midzi ya pakati apo ndimaisokoneza m'mutu, ina mwina ndinangoilota. Ndimakumbukira mudzi wina kumene kunalibe galimoto ndi imodzi yomwe, koma ngolo zokha, zovala matayala amene magalimoto anawataya kalekale. Eni ake ankasowa pampu, ndiye ankaphatikamo udzu ndi masanza. Ng'ombe zinkakoka ngolozo mitu ili pansi, thovu kukamwa, zikukwapulidwa chifukwa cha ulesi umene sunali wawo. Tinakhalako nyengo imodzi yokolola, Lameki akuika machubu, ine ndikuyesa. Tsiku limene ngolo yoyamba inayenda ndi mpweya wokwanira, ng'ombe zinatembenuka kuyang'ana kumbuyo ngati katundu wagwa. Titamaliza ngolo zonse za m'mudzimo, ntchito inathera pomwepo.

Tauni imene ndimaikumbukira bwino ndi ya kumalire, yotentha, kumene anthu ankasakaniza zinenero zitatu pogula tomato. Kumenekonso kunali mtengo, wa mango, tayala lili lende panthambi, beseni la madzi akuda pansi pake. Ndinaima n'kuyang'ana uku ndi uku, kuyesa a Chikakuda atulukira. M'malo mwawo panatulukira Mayi Nachisale, aatali, a mawu ngati hutala ya lole, eni milu ya matayala a kaunjika yofika padenga.

"Iwe woondawe, umatha kuwerenga? Usangoima ngati wabwera kumaliro."

Iwo anandiphunzitsa kusankha. "Amuna amangoyang'ana mano," ankatero, kutanthauza mizere yakuya ya patayala. "Ngati akugula mbuzi." Anandionetsa manambala anayi okhala m'kabokosi pambali pa tayala lililonse: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala limakalamba ngakhale lili chikhalire pamulu. Mphira imauma, imachita ming'alu ngati chidendene m'chilimwe. "Lotero ngakhale mano ali onse," ankatero, "ndi nkhalamba yovala suti."

Panalinso ena okongola zedi, a mano akuluakulu, okhala ndi chizindikiro cha kaphiri ndi kanyenyezi m'kati mwake. Amenewo anthu ankalimbirana. Mayi Nachisale okha ndi amene ankawaika padera. "Awa anawapangira kumayiko ozizira, kumene madzi amaundana pamsewu. Mphira yake ndi yofewa. Uwaike pa tala wathu uno mu Okutobala, angosungunuka ngati sopo, mafuta akumwa, fumbi lakuda akusiya njira yonse. Lomwelo ndi limene mwana wako akupuma."

Tsiku lina Mayi Nachisale atapita kutsidya kukaoda, kunabwera aphunzitsi aakulu ndi kagalimoto kawo kakang'ono. Ankafuna matayala akuluakulu kuti kazioneka ngati ka bwana, ndipo anasankha a kanyenyezi omwewo. Ndinawayandikira n'kunena.

"Bambo, amenewo si saizi yake. Akalemetsa galimoto."

"Ndinu makanika inu, mayi?"

"Ayi. Ndangowerenga pachitseko chanu."

"Kusukulu kwanga amene amawerengera anthu ndine."

"Ndiye werenganitu, bambo," ndinatero, n'kuwatsegulira chitsekocho.

Anavala magalasi, anawerenga, anawavula, n'kuseka mpaka kugwira denga la galimoto. Anatenga ang'onoang'ono anayi ofanana, osakalamba. Patapita miyezi anadutsa, mkono uli pawindo. "Mayi a pachitseko! Kagalimoto kaja kakusala mafuta ngati kali pa Lenti!"

Koma kuseri kwa milu ija kunali ntchito ina. Amuna ankatenthetsa kampeni pamakala n'kumadula mizere yatsopano pa matayala osalala, kenako n'kupaka polishi kuti aoneke anyuwani. Lameki anali ndi dzanja labwino. Mizere yake inkawongoka kuposa ya kufakitale. Ndinamuuza kuti akupyapyalitsa tayala, kuti tsiku lina lidzapha anthu osalakwa.

"Amake Sungeni," anandiyankha, "tidya geji kodi?"

Zodulazo ankazisesera pamoto womwewo. Fungo lake linkabwera naye kunyumba, m'malaya, m'tsitsi, m'zikhadabo. Masana ena Sungeni akusewera pansi pa mango anangoti zii. Ndinatembenuka. Maso ali tuzu, nthiti zikulowa m'kati, milomo yada. Ndinathamanga naye kuchipatala wopanda nsapato, pa tala wotentha, ndipo mapazi ndinawamva mawa lake. Atamutulutsa, ndinauza Lameki kuti ine ndikupita. Iye anatenga kampeni kake pamoto n'kukaponya m'beseni. Kanalira tsii. Ulendo umenewo ananditsatira.

Malo otsatira ndi amene ndimawalota mpaka lero. Anali kumtunda kozizira, kumene chifunga chimagona m'madimba mpaka dzuwa litakwera. Anthu ake ankaweta ng'ombe zamkaka. Mtengo wake unali bulugama, ndipo tayala tinapachika tokha, Lameki atakwera, ine ndili pansi kukuwa kuti agwa. Beseni linali lathulathu, latsopano, ndipo madzi ake anachedwa kuda.

Magalimoto anali ochepa, koma tsiku lililonse kunkabwera lole yodzatenga mkaka. Woyendetsa anali Che Mkwanda, bambo ofatsa, a kachipewa koyera. Asanamwe tiyi ankazungulira lole yawo ndi msomali, kuchotsa timiyala m'mizere ya matayala kamodzikamodzi, ngati akuzula minga kuphazi la mwana. Anzawo ankasintha matayala kawiri, iwo ali ndi omwewo.

Iwo ndiwo anatiphunzitsa kuwerenga munthu patayala. Galimoto yachilendo ikaima, ankandikodola.

"Achemwali, taonani ili. Ladyeka m'mbali zonse ziwiri, pakati pali bwino. Mwini wake ndi waulesi, sapopa. Ili ladyeka pakati pokha. Mwini wake amapopa mpaka liume gwa, ndi munthu wosamva za anzake. Ili ladyeka mbali imodzi, miyendo ya galimoto inapotoka, akaiwongoletse. Koma ili lodyeka apa ndi apo, ayi. Uyu ndi wamtima wapachala. Amathamanga, kenako n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi. Mkazi wake ndikumumvera chisoni."

"Nanga anuwo, Che Mkwanda?"

"Angawa amadyeka mofanana, chifukwa ndimanyamula mkaka. Mkaka sufuna mabuleki. Aliyense akanamayendetsa ngati wanyamula mkaka, mafuta akanamatsala, matayala akanamatsala, ndi anthu omwe."

Ikatha miyezi ingapo tinkawasinthira matayala, akutsogolo kupita kumbuyo, akumbuyo kubwera kutsogolo, kuti atope mofanana. Ndipo tayala likatheratu silinkatayidwa. Lameki ankadulamo nkhwaira ndi malamba omangira zigubu panjinga. Ena tinkawaboola kuti asasunge madzi oswera udzudzu, n'kuthiramo dothi. Ndinabzalamo anyezi ndi mpiru pakhomo. Limodzi anamangira Sungeni katungwe pabulugama pomwepo.

Mwana uja ananenepa. Anathamanga, anagwa, anadzuka, anaphunzira kukalipira ng'ombe ngati mwini khola. Ine kwa nthawi yoyamba ndinkagona osaika dzanja pachifuwa pake. Lameki ankaimba nyimbo za kwaya akumata chubu, akulakwitsa mawu, ine n'kumamukonza.

"Si choncho, bambo ake Sungeni."

"Mulungu akumva chimene ndikutanthauza. Inu a Fomu 3 ndi amene mukuvutika."

Loweruka masana, ntchito ikachepa, tinkakhala atatu pa tayala lalikulu la thirakitala, tikudya mbatata yootcha, tikuyang'ana msewu ukutsika mokhotakhota mpaka kuzimirira m'mitambo. Sindikudziwa ngati zinali zaka zitatu kapena zinayi. Zaka zabwino sizisiya chipsera choti uziwerengerapo.

Kenako kunagwa mvula ya masiku asanu osakata. Phiri linatsika n'kudya msewu. Mkaka unkasasa m'zigubu, anthu anayamba kugulitsa ng'ombe. Che Mkwanda anatsalira tsidya lina ndi lole yawo, ndipo tinangomva kuti anawatumiza njira ina. Sitinatsanzikane. Tinatsika wapansi, katundu pamutu, Sungeni akutembenukatembenuka kuyang'ana katungwe wake.

Malo omaliza analibe mtengo. Anali patsinde pa phiri lamwala, pafupi ndi tauni imene inkakula ngati dzungu la m'dzinja, ndipo tayala linapachikidwa pamzati wachitsulo. Magalimoto anali osawerengeka, malole a mchenga, a njerwa, matakisi. Lameki anapeza kontena yogwiriramo ntchito, kenako makina opopera a magetsi, kenako nyumba ya malata, ya simenti pansi, ya loko wake. Tsiku limene tinalowa anagona chagada pasimentipo, manja atatambasula.

"Amake Sungeni, pano ndiye tafika. Ine sindidzasenzanso mphasa pamutu."

Imvi zinali zitayamba m'mbali mwa makutu ake. Ndinamumvetsa. Ngakhale lero ndimamumvetsa.

Kuphiriko kunali anthu oswa miyala yomangira nyumba. Hamala yokha siingathe thanthwe, ndiye iwo ankaunjika matayala akutha pamwamba pake n'kuyatsa. Mwala ukapsa ankauthira madzi, n'kung'ambika wokha. Mtsogoleri wawo, a Dzimbiri, ndi amene anamupezera Lameki kontena ija ndi nyumba yomwe, pa mgwirizano woti matayala onse akutha azipita kuphiri.

Moto woyamba umene ndinauona unali wa matayala asanu okha. Utsi unatsika phiri ngati bulangete lakuda, unalowa pansi pa chitseko, unasiya mwaye m'mbale ndi m'makapu. Sungeni anagona masiku atatu kuchipatala, kapaipi kali m'mphuno. Dokotala, mtsikana wa maso otopa, ananditengera pambali.

"Mayi, ulendo uno tamubweza. Ulendo wina sindikulonjezani."

Ndinakwera phirilo ndekha kukawapeza a Dzimbiri. Sanali munthu woipa. Anandipatsa mwala woti ndikhalepo, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatsokomola, n'kulavulira pambali zakuda.

"Mukuona, mayi? Nanenso sindiukonda. Ndili ndi ana seveni kunyumba. Mundipatse njira ina yoswera mwalawu, mawa lomwe ndisiya."

Ndinalibe njira ina. Ndinkadziwa kusunga tayala kuti lichedwe kufa, koma mwala sindinkaudziwa.

Ndinamuuza Lameki zimene dokotala ananena. Anati aona chochita. Koma mulu wa kuseri kwa kontena unkangokula, ndipo tsiku lina ndinamumva akuuza dalaivala wa takisi kuti, "Ili latha, bwana, lisiyeni pompano." Ndinaliyang'ana tayalalo. Linali ndi chaka china chathunthu m'mimba mwake, likanangopita kumbuyo. Lameki anaona kuti ndaona. Anayang'ana kumbali, n'kuligubuduzira pamulu.

Pakati pa phirilo panali chimwala chachikulu chimene chinawakanika miyezi yambiri. Madzulo ena, dzuwa litapendeka, ndinaona ana a m'deralo akugubuduza matayala kukwera nawo phiri, mzere wautali, akuimba. Ndinawerenga mpaka makumi anayi n'kusiya. Pakati pawo panali Sungeni, wa zaka zisanu ndi chimodzi, akukankha lake ndi manja onse awiri, lilime lili panja. Ndinamuitana ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Anabwera akuthamanga, akusekerera, manja ali bii.

"Amama, mawa kuyaka chimoto chachikulu! A Dzimbiri akuti chioneka mpaka kutauni!"

Ndinamukhazika pakhonde n'kuyamba kumusambitsa m'manja. Pachifuwa pake panali patayamba kale kulira pang'ono, chifukwa cha kuthamanga kokhako. Lameki anafika, anavundikira ndowa n'kukhalapo.

"Ayatsa liti?" ndinamufunsa.

"Kusanache. Nthawi imeneyo mphepo imakhala itagona."

"Ikagona, utsi umatsikira kuno."

"Titseka mawindo. Tiika masaka onyowa pansi pa chitseko. Ndi tsiku limodzi lokha, amake Sungeni."

"Matayala asanu anamugoneka masiku atatu. Awa apitirira makumi anayi."

"Ndiye mupite naye kutauni mukaswere. Mubwere madzulo."

"Nanga sabata yamawa? Phiri lonseli ndi mwala, bambo ake Sungeni. Lidzatha liti?"

Anatola kamwala pansi, anakayang'ana, anakataya.

"Ndikawakaniza matayala, kontena atenga. Nyumba atenga. Ndikayambirenso pansi pa mtengo, ine, ndi imvizi?"

"Sindikuti mukayambirenso."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Ine ndakhala wamantha moyo wanga wonse. Ndinkaopa madalaivala, agalu, mabingu, ndinkaopa ngakhale kufunsa njira. Koma madzulo amenewo mawu anatuluka osanjenjemera.

"Ndikuti ine ndi mwana tinyamuka asanayatse."

Sungeni anayang'ana ine, anayang'ana bambo ake. "Tikupita kuti, amama?"

"Kumtunda. Kumene kuli mphepo yabwino."

"Chimoto sitichiona?"

"Sitichiona."

Anakwinya nkhope, anaganiza kaye. "Ababa apita nawo?"

Ndinamusiyira Lameki funso limenelo. Anayang'ana kontena yake, dzuwa likuwala pachitseko chimene anachipaka utoto yekha. Kenako anatenga dzanja lonyowa la mwanayo n'kuyamba kulipukuta ndi malaya ake, chala chimodzichimodzi.

"Ababa atsala, alonde makina," anatero. Ndiyeno, osandiyang'ana: "Lole ya kabichi imabwerera kumtunda folo koloko m'bandakucha. Dalaivala wake agona pamsika, ndikamuuza aime. Mukakhale naye kutsogolo mwanayu, kumbuyo kumalowa utsi."

Anadzuka n'kulowera kumsewu. Ankayenda pang'onopang'ono, mmene amayendera munthu amene akufuna kuitanidwa. Ndinadziwa. Kuphiri ana anali akuimbabe, matayala akukwerabe. Ndinakhuthula madzi akudawo pabwalo, ndinalowa m'nyumba, n'kuyala chitenje pasimenti kuti ndiyambe kumanga.